Dzina pa nyali ndi langa, manja opanga ndi a ena

Usipa umatsata kuwala. Aliyense amene anakulira ku Makawa, ku Malembo kapena ku Msaka amadziwa kuti mwezi ukalowa mumdima ndiye nthawi ya ndalama. Siginala amakwera bwato lake ndi nyali, n'kukakhala phee pamadzi mpaka nsomba zitasonkhana pansi pake, kenako anzake amazinga ndi chilimira. Kale nyalizo zinali za Tilley, zomwa palafini ndiponso zosweka magalasi. Masiku ano ambiri anasamukira ku mababu a LED ndi batire la 12 volts, limene amatchajitsa masana pa sola kapena pa magetsi kumsika. Ndalama ya palafini inapulumuka, koma panabuka vuto lina: mabatire akufa msanga. Batire la asidi silifuna kuthetsedwa moto wonse. Mukamalitsitsa usiku uliwonse mpaka kufika pa 10.5 volts, pakangopita miyezi yochepa limayamba kukana kusunga moto, mwini chilimira n'kupisanso m'thumba.

Ntchito yanga inabadwira pa vuto limeneli. Ndimajambula kabolodi ka magetsi kamene kamakhala pakati pa batire ndi mababu. Kamagawa moto mofanana kuti kuwala kusamakwere ndi kutsika, ndipo batire likafika pa 11.5 volts kamaphethiritsa nyali kuchenjeza siginala, pakapita kanthawi n'kudula kuti batire lipulumuke. Kujambulako ndimachita ndekha pa kompyuta, pano pa Mangochi Boma, ndi pulogalamu yaulere yotchedwa KiCad. Koma kupanga bolodi lenilenilo n'kumatapo tizipangizo ta mamilimita 2, mazanamazana ofanana, si ntchito ya manja. Pamafunika makina otola kachipangizo kalikonse n'kukakhazika pamalo pake, komanso uvuni wosungunula solder, chitsulo chomatira zipangizo pa bolodi, pa kutentha kopitirira madigiri 217. Choncho ndimachita zimene amachita opanga zamagetsi ambiri padziko lapansi, ngakhale makampani akuluakulu a mafoni: ndimapereka ganyu ku fakitale ya ku China kuti indipangire. Chinthucho chimatuluka ndi dzina langa, koma amene anachigwira ndi manja sindinawaonepo.

Amene sanayesepo amaganiza kuti chovuta n'kupeza fakitale. Ayi ndithu, mafakitale ali mbwee. Mukangolemba uthenga umodzi pa intaneti, m'mawa mumadzuka mayankho atadzaza, onse aulemu, onse olonjeza. Chovuta n'chakuti wogula wamng'ono, wa ku Mangochi, wa oda ya mabolodi mazana angapo, mphamvu zake zonse zimathera pa tsiku limene ndalama yomaliza yatuluka ku banki. Tsikulo lisanafike amakuyankhani ngakhale pakati pa usiku. Likadutsa, mumasanduka munthu wopempha.

Kachitidwe kake n'kotere. Mumatumiza mafayilo a Gerber, amene amaonetsa njira za kopa pa bolodi. Mumatumizanso mndandanda wa zipangizo zonse, umene pa ntchito yathu timangouti BOM, ndi fayilo youza makina pamene kachipangizo kalikonse kakhale. Iwo amakupangirani masampulo ochepa kuti muone. Masampulo a fakitale ina imene ndinagwirapo nayo ntchito anali okongola zedi: solder wonyezimira bwino, zipangizo zomwezo zimene ndinalemba, vanishi woteteza ku chinyezi atapakidwa mbali zonse ziwiri. Ndinawapereka kwa asodzi odziwana nawo, ndipo anagwira ntchito m'mwera ndi m'mvula popanda dandaulo. Ndinalipira 30 peresenti kuti ayambe oda yaikulu, 70 peresenti yotsalayo katundu asananyamuke, monga mwa chizolowezi cha malonda amenewa. Amayi ogula usipa padoko amadziwa kuti wa pamwamba pa ndowa sunena za wa pansi, n'chifukwa chake amapisa dzanja mpaka m'kati. Wogula wa kutali alibe popisa dzanja, amangoona chimene wogulitsa wasankha kumuonetsa.

Makatoni anafika, nyali zinagulidwa, ndipo kwa kanthawi kunali zii. Kenako m'mawa wina kunabwera bambo wina wa ku Malembo, mwini chilimira, nyali zake zili m'saka. Sanakweze mawu. Anakhala pa benchi, tinapatsana moni, ndipo anati: "Achimwene, ine sindinabwerere mkangano. Iyi yazima nsomba zitayamba kale kusonkhana, batire likadali ndi moto. Alovi abwerako chimanjamanja, mafuta a injini ndinagula ndine. Ina iyi ndiye sidula n'komwe, yandiphera batire latsopano. Tandiuzani, anyamata aja ndikawauze chiyani?"

Ndinati, "Bambo, musachoke. Tizitsegule limodzi muone ndi maso anu."

Kwa iwo kulibe Shenzhen, mzinda wa mafakitale wa ku China, kulibe fakitale. Kuli ine, amene pakhomo panga amapadziwa, makolo anganso amawadziwa.

Pa bolodi pali ma resistor awiri ang'onoang'ono (tizipangizo tochepetsa moto) amene amauza kachipu koyendetsa bolodi kuti batire latsika bwanji. Ine ndinalemba a 1 peresenti, kutanthauza kuti sangaphonye kupitirira gawo limodzi pa 100. Resistor ya 10k ya mtundu umenewu, pa saizi imene ndimagwiritsa ntchito, imadindidwa manambala anayi pamsana: 1002. Nditayang'ana ndi galasi lokulitsa ndinapeza atatu okha: 103. Imeneyo ndi ya 5 peresenti. Kusiyana kwa mtengo wake pa bolodi limodzi sikungagule ngakhale switi. Koma ziwirizo zikaphonya mosiyana, ina kukwera ina kutsika, malire odulira moto amatha kusuntha ndi pafupifupi volt yathunthu. Nyali ina imadula batire likadali pa 12 ndi kanthu, nsomba zili pansi pa bwato. Ina imadikira mpaka batire litayandikira 10.5. Madandaulo onse awiri a bambo aja anachokera pa tizinthu tiwiri timeneti, ndipo ndinawapatsa galasi kuti awerenge okha manambalawo.

Sizinathere pomwepo. Capacitor (kachipangizo kosunga moto pang'ono) imene ndinalemba inali yopirira madigiri 105. Imene anaika inalembedwa 85 m'mbali mwake, ya kampani imene dzina lake sindinalipeze pena paliponse. Ma capacitor okhala ndi timadzi m'kati amauma pang'onopang'ono ndi kutentha, ndipo lamulo limene opanga ake amayendera ndi lakuti kutentha kukatsika ndi madigiri 10, moyo wake umawirikiza kawiri. Tengani awiri olonjezedwa maola 2,000, muwaike m'bokosi lotsekedwa mmene mukutentha madigiri 65. Ya 105 iyenera kukhala maola 32,000. Ya 85 ikhala maola 8,000 okha, ndiye ngati zolembedwa m'mbalizo n'zoona. Wina anganene kuti pa madigiri 65 ndakokomeza. Abwere mu Okutobala, adzagwire bokosi lakuda limene lakhala tsiku lonse pamchenga ku Makawa, awonjezerepo kutentha kwa bolodi lokha likamagwira ntchito.

Vanishi ndiye kunalibiretu. Vanishi wambiri wa mabolodi amamusakaniza ndi mankhwala amene amawala mukaunika ndi tochi ya UV, yomwe ija amayesera ndalama zachinyengo. Sampulo yakale inawala buluu mbali zonse, pomwe bolodi la m'katoni linangoti bii. Nyanja yathu ilibe mchere, komabe chinyezi chikakumana ndi zotsalira zosatsukidwa za flux (mankhwala othandiza powotcherera), moto ukuyenda, kopa amadyeka, ndipo m'miyendo ya kachipu munali mutayamba kale kubiriwira. Pomaliza ndinatenga thonje n'kulinyowetsa ndi acetone, mankhwala aja amayi amachotsera utoto wa m'zikhadabo, n'kupukuta pamsana pa MOSFET imene imatsegula ndi kutseka moto. Thonje linada, zilembo zinafufutika. Pa chipangizo chenicheni zilembo sizichoka chotero. Ichi chinali china chake, mwina chakale chozulidwa pa bolodi lotayidwa, mwina chochepa mphamvu, chopakidwa utoto n'kulembedwanso dzina la chimene ndinaitanitsa. Ku Shenzhen kuli msika waukulu wa zipangizo wotchedwa Huaqiangbei, kumene mungapeze chilichonse, chenicheni ndi chonamizira chomwe, nthawi zina pa matebulo oyandikana.

Ndinajambula zonsezi n'kutumiza pa WeChat, pulogalamu ya mauthenga ya ku China. China ili patsogolo pathu ndi maola 6, ndiye uthenga wa madzulo kuno umayankhidwa tili m'tulo. Yankho loyamba linali lakuti zimene anaikazo zimagwira ntchito imodzimodzi. Lachiwiri linali lakuti zimene ndinalemba zinasowa pamsika. N'zoona kuti kuyambira mu 2020 mpaka cha mu 2022 dziko lonse linavutika ndi kusowa kwa machipu, moti ngakhale mafakitale a magalimoto anaimitsa ntchito. Koma chinthu chikasowa mumamufunsa mwini wake, simusintha chinunu, ndipo kusowa kwa machipu sikuletsa munthu kupaka vanishi. Lachitatu linali lakuti adzandichotsera pang'ono mtengo pa oda yotsatira. Mawu amenewa muziwamvetsa bwino mukawalandira. Akutanthauza kuti njira yokha yobwezera zimene mwataya ndi kuwapatsanso ndalama zina. Nditakana, mayankho anayamba kutalikirana mpaka anasiyiratu.

Mkwiyo utaphwa ndinafuna kumvetsa chifukwa chake. Ntchito yomata zipangizo payokha phindu lake n'lochepa kwambiri, ndipo mafakitale amalimbirana oda potsitsa mtengo. Amene wapambana ndi mtengo wotsikitsitsa amakafuna phindu lake pena, ndipo pamalo posavuta ndi pa zipangizo, makamaka ngati wogula wawasiyira kuti agule okha. Tambala pa resistor, tambala pa capacitor, vanishi osapaka, kuyesa osayesa: pa bolodi limodzi n'zosaoneka, koma pa maoda onse a mwezi ndi ndalama yambiri. Chinanso, kukonza makina kuti ayambe bolodi latsopano kumadya nthawi yofanana, kaya mukupanga 300 kaya 30,000. Oda yaing'ono imangosokoneza mzere wa makina, ndiye kawirikawiri imaperekedwa ku kafakitale kena kamene wogula sakukadziwa n'komwe. Masampulo anapanga ena, katundu anapanga ena. Sindikunena izi powakhululukira. Kusintha chipangizo osamuuza mwini wake n'kuba basi. Kungoti mukadziwa pamene phindu lawo labisala, mumadziwanso mafunso oyenera kufunsa.

Nanga bwanji osabweza katunduyo? Katundu wathu akabwera pa sitima amatsikira ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam, n'kuyenda pamsewu mtunda wonsewo. Akabwera pa ndege, mtengo wake ndi wowawa. Msonkho unalipidwa kale polowa. Kutumizanso makatoniwo ku China kungadye ndalama yoposa mtengo wa mabolodi omwewo, ndipo palibe chokakamiza fakitale kuti iwalandire. Za khoti ndiye tisanene: kukasuma ku Guangdong, chigawo cha China kumene kuli Shenzhen, pa nkhani ya madola zikwi zochepa, loya yekha angamalize zonse mlandu usanalowe. Chimene chinatheka n'chimodzi: kuitanitsa nyali zonse, kuzula zipangizo zolakwika chimodzichimodzi ndi manja, kutsuka, kupaka vanishi, n'kubwezera eni ake. Bambo a ku Malembo ndinawagulira batire lina. Usipa umene unabalalika usiku uja palibe anawabwezera.

Masiku ano BOM yanga ndi yotopetsa kuwerenga, ndipo ndimachitira dala. Sindingolemba kuti capacitor ya mphamvu yakutiyakuti. Ndimalemba kampani yopanga, nambala yonse ya chipangizocho, ndi china chimodzi chimene ndingalole m'malo mwake chikasowa. Pamwamba pali chiganizo, m'Chingerezi ndi m'Chitchaina, chakuti palibe chosintha popanda chilolezo changa cholembedwa, ndipo panganolo limabwera ndi chidindo chofiira cha kampani yawo, poti kumeneko chidindo n'chimene chimamanga kampani. Zipangizo zimene moyo wa bolodi wagonapo, monga MOSFET, kachipu ndi ma capacitor akuluakulu, ndimagula ndekha kwa ogulitsa odziwika ngati Mouser, Digi-Key kapena LCSC, n'kuzitumiza ku fakitale. Mtengo umakwera, ndipo mafakitale ena amanyinyirika chifukwa mwawalanda podyera, koma kunyinyirikako kumandiuzanso kanthu za iwo.

Pa kawotcheredwe sindinena kuti "mupange bwino", chifukwa aliyense ali ndi bwino wake. Pali muyezo umene mafakitale a zamagetsi amaudziwa, wotchedwa IPC-A-610, wokhala ndi zithunzi za solder wovomerezeka ndi wokanidwa. Umagawa katundu m'magulu atatu: Class 1 ya zinthu wamba, Class 2 ya zoyenera kukhalitsa, Class 3 ya zimene siziloledwa kulephera, monga za m'ndege ndi zina za m'chipatala. Ine ndimalemba Class 2. Makulidwe a kopa ndimalembanso, chifukwa wa muyezo wa 1 oz ndi ma micron 35 pomwe wa 2 oz ndi 70 (micron ndi gawo limodzi pa 1,000 la milimita), ndipo njira yodutsa moto wa mababu ikapyapyala imatentha.

Koma pepala palokha silichita kanthu ngati palibe woyesa, ndipo apa ndi pamene ndimakakamira kwambiri. Ndinapanga choyesera changachanga: kathabwa kokhala ndi timisomali ta masipuling'i timene timakhudza malo osankhidwa pansi pa bolodi. Wantchito amaika bolodi n'kutsindira. Choyeseracho chimatsitsa moto pang'onopang'ono kuchokera pa 13 volts, n'kuona pamene bolodi ladulira. Likadula pakati pa 11.3 ndi 11.7 kumayaka getsi lobiriwira, kunja kwa pamenepo lofiira. Bolodi lililonse lili ndi nambala yake, ndipo zotsatira zimasungidwa m'fayilo imene ndimafuna kuiona ndisanalipire. Wantchito safunika kudziwa Chingerezi, safunika kudziwa chimene usipa uli, ndipo bwana wake sangandiuze kuti "ntchito yake ndi imodzimodzi" getsi likuyaka lofiira. Ndimafunanso kuti akapanga oyambirira a oda yeniyeniyo aime kaye, andijambulire pafupi mpaka ndiwerenge manambala pamsana pa resistor, n'kujambulanso china ataunika ndi tochi ya UV. Ndipo 70 peresenti ija sichoka mpaka munthu wosakhala wa pa fakitalepo atapita kukatsegula makatoni amene wasankha yekha. Alipo makampani a ntchito imeneyi, ndipo ambiri amalipiritsa madola 200 mpaka 300 pa tsiku. Pa oda yaing'ono ndalamayi imapweteka, koma siyandikira n'komwe mtengo wozula zipangizo pa mabolodi mazanamazana ndi manja.

Fakitale yokana woyendera, kapena yoyamba kudandaula kuti ndikuikayikira, ndimaitsanzika pomwepo. Ife tinaleredwa kuti kufunsitsa n'kupanda ulemu, ndipo munthu akakulankhula mokoma umachita manyazi kumupempha umboni. Mbewa ya manyazi inafera ku una.

Funso limene ndimayamba nalo ndi lakuti kodi ndikulankhula ndi fakitale kapena ndi mkhalapakati. Ambiri oyankha msanga pa intaneti ndi amalonda chabe, a ofesi ya chipinda chimodzi, zithunzi za makina anazitenga kwina. Kampani iliyonse ya ku China ili ndi laisensi yokhala ndi nambala ya zilembo 18, ndipo pa laisensipo pamalembedwa ntchito zimene imagwira, kaya kupanga, kaya kugulitsa kokha. Ndimapempha chithunzi chake n'kuyerekeza dzina ndi la pa chidindo. Akaunti yolipirirako ikakhala ya munthu payekha kapena ya kampani ina, ndimaima kaye mpaka andifotokozere. Mkhalapakati si mdani nthawi zonse. Wabwino amathandiza wogula wamng'ono kupeza malo pa mzere. Koma ndiyenera kudziwa kuti ndi mkhalapakati, chifukwa zinthu zikavuta iye alibe ulamuliro pa makina. Ndipo imelo ikabwera yonena kuti asintha akaunti, musatumize kalikonse musanaimbe foni ya vidiyo kwa munthu amene mumamudziwa nkhope. Akuba amakonda kulowerera makalata a wogula ndi fakitale nthawi yolipira ikayandikira.

Pali mbali ina imene anzanga a ntchito yonga yanga sakonda kuinena. Kwa fakitale, wogula wa ku Malawi nayenso ndi wosadalirika. Mtengo amatipatsa m'madola, ndipo umakhala ndi masiku ake. Ife timapita ku banki ndi invoice n'kuyamba kudikira ndalama zakunja, osadziwa kuti zituluka liti. Pomwe madola akutuluka, mtengo uja unatha kale ntchito, malo athu pa mzere anapatsa wina. Mu Meyi 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti, dola kuchoka cha pa K1,180 kufika pa K1,700. Aliyense amene anali atalipira 30 peresenti nthawi imeneyo anadzuka 70 yotsalayo itanenepa, chonsecho asodzi anali atamva kale mtengo wa nyali. Fakitale imene yasunga makatoni anu miyezi ikudikira ndalama imayamba kuganiza kuti kasitomala ameneyu sadzabweranso, ndipo kasitomala wosadzabweranso ndi amene amapatsidwa zotsalira. N'chifukwa chake ndimawauziratu poyera mmene nkhani ya ndalama zakunja ikuyendera kwathu kuno, ndipo sindiyambitsa oda ndisanatsimikize za ndalama yonse, ngakhale zitatanthauza kuoda zochepa.

Kalendala nayo ili ndi misampha yake. Chaka chatsopano cha ku China chimagwa kumapeto kwa Januwale kapena mu Febuluwale. Mu 2024 chinali pa 10 Febuluwale, mu 2025 pa 29 Januwale. Mafakitale amatseka kwa masabata, antchito amapita kwawo kutali, ndipo ena sabwereranso. Katundu wopangidwa mwaliwiro tchuthi chisanayambe, ndi wopangidwa ndi antchito atsopano chitangotha, onse ndi okayikitsa. Sabata yoyamba ya Okutobala amatsekanso.

Chisankho chachikulu chimene ndinapanga n'chakuti fakitale izichita chokhacho chimene ife pano sitingathe: kupanga bolodi ndi kumata tizipangizo tating'ono. Zotsala zonse zimachitikira pa Mangochi. Pulogalamu ya m'kachipu ndimalowetsa ndekha, kotero ngakhale wina atapanga mabolodi owonjezera kumbali kuti agulitse, akhala akufa. Mawaya, maswichi, zogwirira ku batire ndi mabokosi timamanga kuno. Pamsika pano pali anyamata okonza mafoni amene amachotsa kachipu ndi mpweya wotentha n'kukabwezera osawononga choyandikana nacho. Manja oterowo analipo kale, ankangosowa wowakhulupirira ndi ntchito yokhazikika. Ndimagwira ntchito ndi ena mwa iwo, komanso mtsikana wina amene anaphunzira zamagetsi ku koleji ya ntchito zamanja, amene diso lake limagwira solder wosapsa ine ndisanatenge n'komwe galasi. Nyali iliyonse isanapite kudoko imayaka usiku wonse m'chipinda cha malata, m'mawa n'kuyesedwanso. Zofooka zambiri zimaonekera m'maola oyambirira, ndipo kuli bwino zifere pa tebulo pathu.

Zipangizo zimene zimafa kawirikawiri ndinazisintha kukhala zazikulu, za miyendo yolowa m'mabowo, kuti wokonza mawailesi wa ku Monkey Bay kapena ku Makanjira athe kuzisintha ndi chowotcherera wamba, nyali osayenda ulendo wa ku Boma. Pa chifukwa chomwecho ndinakana maganizo a fakitale ina oti bolodi lonse alikwirire m'ulimbo wouma gwa. Madzi salowadi, koma simungaonenso zimene aikamo, ndipo likafa lafa.

Zonsezi zimakweza mtengo, ndipo pamsika pali timabokosi ndi mababu otsika mtengo kwambiri kuposa zanga. Msodzi amene wakhala kumtunda masabata a mwera sakhala ndi mtima womvera nkhani ya ma capacitor. Amagula chimene thumba lalola, ndipo sindimuimba mlandu. Amene amabwera kwa ine ndi eni zilimira amene anawerengetsa mabatire amene ataya m'chaka chimodzi. Amenewo ndimawapatsa lonjezo la miyezi 12, lolembedwa pa lisiti pamodzi ndi nambala ya bolodi, kuti likavuta ndidziwe oda imene linachokera ndi anzake amene ndiyenera kuwaitanitsa asanavute.

Oda ikubwerayi ndaigawa pawiri. Gawo lalikulu likupita ku fakitale imene tagwira nayo bwino ntchito posachedwapa, imene mainjiniya ake amandifunsa mafunso ovuta asanayambe. Ulendo wathawu anandilembera kuti capacitor ina yasowa, ananditumizira mapepala a ziwiri zoti ndisankhepo, n'kudikira yankho langa ngakhale zinawachedwetsera ntchito. Gawo laling'ono ndikuyesa kampani ina ya ku Johannesburg. Mtengo wawo ndi wokwera, koma nthawi yathu ndi imodzi, katundu amabwera pamsewu kudzera pa Mwanza, ndipo zitavuta munthu angathe kukwera basi n'kukaima pakhomo pawo. Choyesera chachiwiri chili pa tebulo, chikudikira timisomali take. Ma invoice onse awiri ali ku banki, ndipo ya ku China iyenera kutuluka Disembala asanathe, apo ayi tidikira mpaka Malichi.